Aneba, mipandoyi mukuichotseranji?

Ndinafika ku Bristol mu Epulo kudzaona mdzukulu amene ndinkangomudziwira pa foni. Mwana wanga ndi namwino, mkamwini amagwira ntchito usiku, ndiye ine udindo wanga unali umodzi: kuperekeza mwana kusukulu m'mawa, kukamutenga masana. Nthawi yotsalayo ndinkakhala pawindo la kukhitchini ndi kapu ya tiyi, maso ali pabwalo la galaja yakale kuseri kwa nyumba. Pabwalopo panaima basi yoyera, Mercedes-Benz Vario ya mipando 31, yokalamba ndithu koma matayala ake abwino. Tsiku lina m'mawa ndinaona mpando ukutuluka pakhomo la basiyo. Kenako wina. Pofika madzulo mipando inali itaunjikana pakona ngati nkhuni za pamaliro.

Ndinapirira masiku awiri. Kenako ndinavala jekete n'kutuluka.

"Aneba, pepani, ndine mlendo kuno. Basiyi yachita ngozi?"

"Ayi bambo, ili bwinobwino. Ndaigula mwezi wathawu."

"Nanga mipandoyi mukuichotseranji?"

"Tikufuna tizikhalamo."

Chamumtima ndinati, mukhala pati poti mipando mwataya? Kwathu munthu akagula Hiace ya ku Japan, asanakaionetse ndi kunyumba komwe amayamba wadzera kwa owotcherera kuti aone ngati mzere wina wa mipando ungalowe. Mpando ndi ndalama. Kondakitala amaona malo a munthu pamene inu mukuona malo a nkhuku. Koma apa munthu wamkulu, wa imvi zake, anali kutaya ndalama pakona, ndipo anadandaula kuti woitola ngakhale yaulere akusowa.

Anandiuza kuti m'basimo akumanga nyumba: bedi, khitchini, chimbudzi, makabati. Iwo si kalipentala ayi. Masana amagwira ntchito ya makompyuta, ukalipentala amauphunzira usiku pa YouTube. Ine bambo anga anali kalipentala ku Dedza, ndipo ndinakula ndikugwirizira thabwa iwo akucheka, mpaka ndinathawa utuchi n'kukagwira choko zaka 34. Zomwe ndimadziwa za matabwa ndi za mwana wogwirizira basi. Komabe zochepazo zinakwanira kundisokoneza mutu miyezi isanu yathunthu, chifukwa chilichonse chimene bambo ankati n'choyenera, anebawa ankachita chosemphana nacho.

Tsiku lomwelo anandipatsa sipanala. Mipando yotsala inali yomangidwa ndi mabawuti otulukira kunsi kwa basi, ndipo mchere womwe amathira m'misewu nyengo yozizira unali utawadya dzimbiri. Pamafunika anthu awiri, wina kugona chagada kunsi, wina kugwira pamwamba. Chifukwa cha msinkhu ndinapatsidwa pamwamba. Okanika anawadula ndi makina. Zitatha, pansi pa basi panali mabowo oposa 100, ndipo lililonse analipala, kulipaka penti, n'kulimata, kuopa kuti madzi a mumsewu angadzaoletse matabwa kuchokera kunsi. Apa sindinafunse kanthu. Zinali zomveka.

Chisokonezo chinayamba poimika zipupa. M'bokosi lawo la zida munali sowo yamagetsi, makina oboolera, tepi, sikweya ziwiri, koma levulo munalibe. Bambo anga akanaona zimenezi akanawalanda pensulo.

"Aneba, khoma muliongola bwanji popanda levulo?"

Anapita kukabwereka levulo kwa mwini galaja, n'kuigoneka pansi. Kathovu kanali chakumanzere. "Tabwerani muime uku." Nditasuntha, nako kanasuntha. Basi imakhala pa masipuling'i ndi pa mpweya wa m'matayala. Bwalo nalo linali lopendekeka, ndipo mawa ikakaima kwina idzapendekera kwina. Mukamanga kabati motsatira levulo lero, mwamanga motsatira bwalo la galaja, ndipo bwalolo simupita nalo. Chomwe iwo ankachikhulupirira ndi pansi pa basiyo ndi mzere umodzi womwe anaujambula pakati, kuchokera kumbuyo kwa dalaivala mpaka kumapeto. Muyeso uliwonse unkayambira pamzerewo, sikweya ili m'manja.

Makoma nawonso si owongoka. Amakwera n'kumapindikira mkati akamayandikira denga, ndipo apa ndi apo pali nthiti zachitsulo. Thabwa lodulidwa mowongoka mukaliyedzamiritsa pamenepo limasiya mpata woti mphaka n'kudutsa. Ndinaonerera mmene ankachitira. Ankadula katoni ya firiji mongoyerekeza, n'kuiimika pafupi ndi khoma. Kenako ankatenga kawasha, kachitsulo kozungulira koboola pakati kaja, n'kulowetsa nsonga ya pensulo pabowolo. Kawashako kankagubuduzika pakhoma kuchokera pansi mpaka pamwamba, pensulo ikukopera pa katoni kupindika kulikonse kwa chitsulo. Akadula ndi sizasi, kuyesa, kusenga pang'ono, kuyesanso, ndiye n'kusamutsira pa thabwa. Njira imeneyi ndinaigomera, ndisaname. Koma thabwa loyamba analidula katatu, chifukwa ulendo woyamba anatembenuza katoni, n'kupanga khoma la kumanja pamene ankafuna la kumanzere. Mawu omwe anayankhula tsiku limenelo sindinawamasulire mdzukulu.

Nkhani ya kulemera ndi imene inandivuta kwambiri, ndipo mpaka lero siinakhazikike bwino mumtima. Kwathu mipando ndi makabati timayesa ndi msana. Bambo anapanga kabati ya mlombwa yomwe ankanyamula amuna anayi, ndipo ilipo mpaka pano, chiswe chinailephera. Wogula akafika ankayamba wainyamula mbali imodzi. Ikamukanika, ndiye kuti mtengo tigwirizana. Anebawa anali ndi sikelo ya kubafa pakhomo la basi ndi kope lomangirira pensulo. Thabwa lililonse lisanalowe ankakwera nalo pasikelo, kutsika, kukweranso okha, kuchotsera, n'kulemba. Ndinakumbuka ogula fodya.

Matabwa ake ndi a pulayiwudi, aja a mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi, onga omwe amapanga ku Chikangawa. Anandinyamulitsa awiri ochindikala mofanana, mamilimita 18. La mtengo wa birch linali cha m'makilogalamu 36, la mtengo wa poplar cha m'ma 23. Ndinaloza loyambalo.

"Labwino ndi ili."

"N'labwinodi, n'lolimba, limagwira bwino masikuluu. Koma ndigula ilo lopepukalo."

Birch anangomugwiritsa ntchito pa bedi ndi pamwamba pa tebulo, ndipo anawonjeza kuti mtengo wake unakwera kwambiri chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, poti wambiri ankachokera ku Russia. Tsiku lina ndinawapeza akuboola mabowo aakulu ngati mbale pathabwa latsopano logawa mkati mwa kabati.

"Thabwa labwinobwinoli mukuliononga chifukwa chiyani?"

"Pamenepa sipaoneka, ndipo sipanyamula kanthu. Ndapulumutsa makilogalamu awiri."

Chinsinsi chake chinali m'chikwama chawo cha m'thumba. Ku Britain amene anakhoza mayeso oyendetsa galimoto isanafike 1 Januwale 1997 amaloledwa kuyendetsa yolemera mpaka makilogalamu 7,500. Okhoza pambuyo pake amalekezera pa 3,500, pokhapokha atakalembanso mayeso ena. Aneba anakhoza kale, ndiye malire awo ndi 7,500, kuphatikiza basi, dizilo, matabwa, mabatire, mapoto, mabuku ndi eni ake omwe. Thanki ya madzi ya malita 200 ikadzaza ndi makilogalamu 200, ngati kuyenda ndi dilamu yodzaza kunsi kwa bedi. Akazi awo anakhoza mochedwa.

"Ndiye kuti mayi sangayendetse?"

"Pakadali pano ayi."

"Nanga inu mukadwala, nyumba ayendetsa ndani?"

Anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana kudenga. Ndinazindikira kuti funsoli sindinali woyamba kulifunsa m'banjamo.

Misomali nayo munalibe. Kalipentala wopanda msomali pakamwa ndinali ndisanamuonepo. Iwo anati nyumba imeneyi izigwedezeka tsiku lililonse, ndipo msomali ukagwedezeka umatuluka pang'onopang'ono ngati dzino la mwana. Ndinaganiza za chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009, mmene makoma anang'ambikira. Anthu aja chinawapeza osachiitana. Awa akumanga nyumba yoti azikaiika dala pachivomerezi, n'kumalipiranso dizilo. Choncho polumikiza paliponse pankalowa guluu ndi sikuluu, ndipo makabati aakulu ankawamangirira kunthiti zachitsulo ndi mabawuti. Komanso pena ankasiya dala kampata n'kuikapo labala, ati chifukwa thupi la basi limapotoka pang'ono gudumu limodzi likakwera pachitunda, ndipo thabwa lothina kwambiri limalira kapena kusweka. Kuno mumange molimba, uko musiye mpata. Ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji pofunika chiti. Anati akamva kulira.

Kulirako tinakumva mu Julayi. Anandiitana kuti tikaiyese mumsewu, ine pampando umodzi womwe anausiya, lamba ali pamimba. Pamsewu wowongoka zonse zinali bwino, kupatula kwiii, kwiii wochokera kumbuyo. Titafika pa raundabauti yoyamba ndinamva phokoso ngati lole yataya zitsulo. Dilowa ya kukhitchini, yomwe anaipala mlungu wathunthu kuti izitseguka ndi chala chimodzi, inatseguka popanda ndi chala chomwe, n'kuuluka, masipuni ndi mafoloko mbwee mpaka kumapazi anga. Mpeni wa buledi unaima pafupi ndi nsapato yanga. Pobwerera palibe anayankhula. Mawa lake chitseko chilichonse ndi dilowa iliyonse zinaikidwa loko wodina ndi chala. Bambo anga ankanyadira dilowa yotseguka mosavuta. Muno dilowa yabwino ndi yokana kutseguka.

Za thukuta la makoma ndinazimva msanga, chifukwa aliyense wogonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Dedza mu Juni amadziwa madontho a m'bandakucha. Anthu awiri akapuma usiku wonse m'bokosi lachitsulo, n'kuphikiramo ndi gasi yemwe nayenso amatulutsa nthunzi, madzi onsewo amakaima pachitsulo chozizira kuseri kwa matabwa, komwe diso silifika. Kumeneko chuku ndi dzimbiri zimagwira ntchito mwakachetechete. Ndiye pakati pa chitsulo ndi thabwa anapakiramo ubweya wa nkhosa, pansi n'kuyalapo matabwa a thovu louma. Koma atatha kumata timabowo tonse tija, tsiku lina ndinawapeza ali padenga ndi sowo.

"Aneba, mwatseka mabowo 100, lero mukuboola lalikulu kuposa onse?"

Linali la fani yotulutsa mpweya. Lina anaboola pansi, m'kabokosi ka silinda ya gasi, chifukwa gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akatuluka amatsikira pansi ngati madzi, ndiye apeze potulukira. Pamwamba pa bedi anapachika kachipangizo kolira kakamva mpweya wakupha uja wosanunkha. Chimenechi sindinachiseke. Tinaikapo anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo.

Chimbudzi chinandisowetsa mawu. Chili moyang'anizana ndi chitofu, mtunda wake wa dzanja limodzi, ndipo si chamadzi: ndi ndowa yokhala m'bokosi lokongola la matabwa, mukatha mumathira utuchi. Utuchi womwewo umene ndinauthawa. Ndinafunsa kuti apongozi akabwera agona pati. Anandionetsa monyadira mmene tebulo limatsikira n'kukhala bedi, mapazi a mlendo n'kumakhudza katani ya bedi la eni nyumba. Ndinangoti zikomo. Kwathu mkamwini amapatuka m'njira akaona apongozi akubwera patali.

Tebulolo si lokongoletsa chabe. Ofesi ya boma yolembetsa galimoto, DVLA ya ku Swansea, kuti ivomere kuti iyi ndi galimoto yogonamo imafuna muli pogona, pophikira, posungira katundu, mipando ndi tebulo, zomangidwa kuti zisamayendeyende, ndipo chiyambire 2019 imayang'ananso maonekedwe a kunja. Ndinafunsa ngati boma limabweranso kudzaona tebulo m'nyumba za njerwa. Anati ayi.

Akazi awo ndi okonda kuwerenga, ndipo pobweretsa tiyi ankabweretsanso mbiri. Anandiuza kuti zogona m'ngolo mongosangalala zinayambira mumzinda womwewu. Mu 1885 kampani ya Bristol Wagon and Carriage Works inapangira dokotala wina, William Gordon Stables, ngolo yamatabwa yotchedwa The Wanderer, yokokedwa ndi mahatchi awiri, ndipo anayenda nayo mpaka ku Scotland ali ndi woyendetsa mahatchi komanso wantchito wake. Anthu anamutama. Patapita zaka 100 ndendende, pa 1 Juni 1985, apolisi ku Wiltshire anatchingira mdipiti wa anthu okhala m'mabasi ndi m'malole akale omwe ankapita ku Stonehenge, anaswa magalasi, n'kumanga anthu oposa 500. Ndinafunsa kusiyana kwake, poti onse anagona m'nyumba ya magudumu. Mayiwo anati dokotala uja anali ndi nyumba ina yobwererako.

Yankho limenelo linandifikitsa pa funso lomwe ndinalisunga kuyambira tsiku loyamba, poopa kuoneka wamwano. Ndinalifunsa mu Ogasiti, tikupaka vanishi.

"Aneba, mundikhululukire. Muli ndi ntchito, muli ndi nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, madzi otentha, chimbudzi chogejemula. Mwalakwirana ndi ndani kuti mukagone m'basi?"

Anaika bulashi pansi. Nyumbayo si yawo. Ndi ya lendi, ndipo ndi yachinayi pa zaka khumi. Kawiri konse eni ake anagulitsa nyumba iwo ali momwemo, kamodzi lendi inakwera mopitirira. Pafupifupi theka la malipiro awo limapita kwa alandilodi, ndipo zotsalazo sizifika pa ndalama yoyambira yomwe banki imafuna kuti ikukongozeni yogulira nyumba. Pa msinkhu wawo banki nayo imayamba kuwerenga zaka zomwe zatsala.

"Mukudziwa bambo, m'nyumba imene ija sindiloledwa kukhoma ngakhale msomali umodzi wopachikapo chithunzi cha mayi anga."

Ndinayang'ana makabati opendekeka pang'ono, ndi chitseko china chomwe chinkakhula pansi, ndi mzere wa guluu womwe unadontha n'kuuma. Bambo anga sakanalola chimodzi mwa zimenezi kutuluka m'shedi mwawo. Koma munthuyu ankasisita thabwalo ngati mmene mlimi amasisitira ng'ombe yake yoyamba. Ndinatsala pang'ono kuwakumbutsa kuti m'basinso sakhoma msomali, koma ndinameza.

M'malo mwake ndinafunsa za malo. Ine ndikadziwa nyumba, ndimayamba ndadziwa dothi lomwe yaimapo: amfumu analoza, kapena pali pepala la puloti. Nanga iyi idzaima pati? Apa mayankho anayamba kufupika. Mu Bristol munali anthu mazanamazana okhala m'magalimoto, ena m'mbali mwa bwalo lalikulu lotchedwa Downs, ndipo eni nyumba zoyandikana nawo sankakondwa. Lamulo la 2022 limapatsa apolisi a ku England ndi Wales mphamvu yolanda galimoto ya munthu wokhala pamalo a eni popanda chilolezo, ngati akuononga kapena kusowetsa anthu mtendere ndipo wakana kuchoka. Pakati pa mzinda napo, chiyambire Novembala 2022, galimoto zakale za dizilo zimalipira tsiku lililonse zikalowa. Makalata azidzafikira kwa mlongo wawo.

"Nanga, Mulungu aletse, mmodzi wa inu akatisiya, anthu akakhuza kuti?"

Mwana wanga nditamuuza madzulo kuti ndafunsa zimenezi anagwira kumutu. Ati kuno safunsa choncho. Koma aneba sanakwiye. Anaganiza kanthawi, n'kunena kuti ngakhale m'nyumba ya njerwa ija palibe amene akanabwera kudzagona pamaliro, ndiye palibe chimene ataye. Yankho limeneli ndinalitenga n'kupita nalo kukagona, ndipo tulo sitinabwere msanga.

Kumayambiriro kwa Seputembala anapita nayo kusikelo ya malole, yonga ija ya ku Balaka, thanki ya madzi ndi ya dizilo zili zodzaza. Anabwera akuimba hutala, kapepala kali m'manja: makilogalamu 7,180. Zitseko ziwiri za makabati zinali zisanaikidwe, bafa linali lisanathe, koma nthawi yawo m'nyumba ya lendi inali itatha, ndiye analowa choncho. Potsanzikana ndinawapatsa mthiko womwe ndinabweretsera mwana wanga koma iye saugwiritsa ntchito. Aneba anaulandira ndi manja awiri monga ndinawaphunzitsira, kenako anaseka, n'kuuika pasikelo ya kukhitchini, n'kulemba m'kope muja.

Pano ndili ku Dedza. Mlungu wathawu mwana wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Basi ija ili ku Wales, m'munda wa mlimi wina, kumbuyo kwake kuli nkhosa, pawindo pakuoneka nyali ndi chithunzi cha mayi wachikulire chomangidwa pakhoma ndi masikuluu anayi. Ndinafunsa ngati mlimiyo ndi m'bale wawo. Ayi, amamulipira pamwezi. Ndinafunsanso kuti ayendako kuti ndi kuti. Ati chiyambire Novembala siinasunthe, m'mundamo muli matope ndipo matayala a kumbuyo anatitimira.